Wamatsenga amene amatsekera mzimu wake m'kabokosi

Nkhondo yatenga maola atatu. Anthu asanu azungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala lake, pensulo ndi madayisi, ndipo pakati pawo pali mapu a manda akale ojambula pamanja. Mdani amene akhala akumusaka kwa miyezi wagwa tsopano: chimunthu cha mafupa okhaokha, chovala mikanjo yachifumu yodyeka ndi njenjete, m'maenje a maso muli timoto tiwiri tofiira. Wankhondo wa gululo wamukantha komaliza, mafupa amwazika, timoto tija tazima. Anayi akuwombana m'manja. Wachisanu, amene amatsogolera nkhani, sakusekerera nawo. Watola dayisi ya mbali 10, waiponya kuseri kwa katoni imene imabisa zolemba zake, yagwa pa 6. Walemba nambalayo n'kutseka kope. Anzakewo sakudziwa kuti pakatha masiku 6 m'dziko la nkhaniyo, mdani wawo adzadzuka wathunthu, akukumbukira nkhope ya aliyense amene anamukantha.

Mdani ameneyu amatchedwa lich, ndipo kwawo ndi m'masewera a Dungeons & Dragons, amene anatuluka mu 1974 ku Lake Geneva, tauni yaing'ono ya ku Wisconsin m'dziko la America, kuchokera kwa Gary Gygax ndi Dave Arneson. Masewerawa alibe bwalo kapena mpira. Munthu mmodzi amakhala wotsogolera: amafotokoza dziko, amalankhulira mafumu ndi zilombo, amaweruza pakabuka mkangano. Enawo aliyense amatenga munthu wongopeka, wina wankhondo, wina wansembe, wina mbala, wina wamatsenga, n'kumanena zimene munthu wakeyo akuchita. Pamene pali chikayiko, dayisi ndiyo imagamula. Ndi nthano yokambirana, koma yokhala ndi malamulo olembedwa, ndipo malamulowo amakakamizika kuyankha funso limene nthano zina zimangolidumpha: munthu wofuna kukana imfa amachita chiyani kwenikweni, amalipira zingati, ndipo amene amapweteka ndani?

M'mabuku a masewerawa muli akufa ambiri amene sagona m'manda. Ndondocha imadzutsidwa ndi munthu wina kuti izimugwirira ntchito. Mzukwa umatsalira padziko chifukwa cha chisoni kapena mlandu umene sunathe. Vampaya woyamwa magazi nthawi zambiri anachita kulumidwa ndi mnzake, sanapemphe. Onsewa linawagwera ndi tsoka. Lich amachita kuzifuna. Amakhala pansi mutu uli bwinobwino, amawerengera mtengo, amasonkhanitsa zofunika kwa zaka, pomaliza amadzipha ndi dzanja lake. Buku la zilombo la masewerawa, Monster Manual, m'mtundu wake wa mu 2003 linanenetsa kuti mwambo wosanduka lich sungachitike pa munthu wokakamizidwa. Ichi n'chifukwa chake ine ndimamuika lich pamwamba pa zinjoka ndi ziwanda zonse za m'mabukuwo. Chinjoka chinabadwa chinjoka. Lich anali munthu, anali ndi mphunzitsi, mwina anali ndi mkazi ndi ana, ndipo panali tsiku limene akanatha kubwerera.

Anaonekera koyamba mu 1975, m'kabuku kowonjezera malamulo kotchedwa Greyhawk, kamene Gygax analemba ndi Rob Kuntz. Mmenemo anangopatsidwa mizere yochepa: wamatsenga wamphamvu amene akukhalabe ndi moyo chifukwa cha matsenga aakulu ndi kuuma mtima kwake. Monster Manual yoyamba, ya mu 1977, inawonjezapo chinthu chimodzi chimene lich amadalira, chotchedwa phylactery, koma sinafotokoze kuti chimagwira ntchito bwanji. Osewera anatsala ndi mafunso, ndipo amene anawayankha ndi Len Lakofka, m'nkhani yake yotchedwa Blueprint for a Lich imene inatuluka m'magazini ya Dragon nambala 26 mu 1979. Kuyambira pamenepo, mtundu uliwonse wa malamulo wakhala ukusintha apa ndi apo, koma msana wa mwambowu sunasinthe: chidziwitso chobisika, chotengera cha mzimu, ndi chikho cha poizoni.

Amene angayese ndani

Si wamatsenga aliyense. M'masewerawa mphamvu za munthu zimayezedwa ndi milingo, kuyambira pa 1, ndipo m'malamulo akale wofuna kukhala lich ankayenera kufika pa mlingo wa 18. Wosewera amatha zaka akukumana ndi anzake mlungu ndi mlungu munthu wake asanafike pamenepo, ndipo ambiri safikapo n'komwe. Malamulo a mu 2003 anatsitsa malirewo kufika pa 11, koma a mu 2014 anamubwezeranso lich pa 18. Wamatsenga wa mlingo umenewo amatha kuimitsa nthawi kwa kamphindi, kugwetsa miyala yamoto kuchokera kumwamba, kapena kupha munthu ndi liwu limodzi. Mafumu amamugwadira. Chimene chamukanika n'chimodzi: manja ayamba kunjenjemera, maso sakuonanso bwino zilembo, ndipo m'laibulale yake muli mabuku ambiri kuposa masiku amene amutsalira.

Apa m'pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Lich sayamba ngati munthu wokonda magazi. Kawirikawiri amayamba ngati munthu wokonda kuphunzira, amene wafika poona kuti imfa ndi chipongwe pa munthu wanzeru ngati iye. Amadziuza kuti akungofuna zaka zochepa zoti amalize ntchito yake. Ena amafuna kusunga ufumu, ena kubwezera adani, ena kuukitsa wokondedwa amene anamwalira. Chifukwa chimene amayambira nthawi zambiri chimakhala chomveka, ndipo wina aliyense amene anaikapo m'bale wake m'manda angachimvetse.

Chinsinsi cha mwambowu sichipezeka m'sukulu za matsenga. Buku la zilombo la mu 2014 limati wochifuna ayenera kuchita pangano ndi ziwanda, milungu yoipa kapena mizimu ina yonyansa, ndipo ambiri amapita kwa Orcus, mfumu ya ziwanda imene imalamulira akufa osagona. Amene amapereka chidziwitsochi sapereka ulere. Amafuna kuti wolandirayo awalumbirire ndi kuwatumikira. Choncho munthu amene ananyamuka kuti asadzagonjere chilichonse, ngakhale imfa, amayamba ulendo wake ndi kugwada.

Kenako pamabwera chotengera chija. Nthawi zambiri kamakhala kabokosi kachitsulo kotsekedwa ndithu, kokwana m'manja. M'malamulo a mu 2003, mkati mwake mumakhala timizere ta chikopa tolembedwa mawu a matsenga. M'malamulo a mu 2014, zizindikiro za dzina, za kumanga ndi za kusafa zimalembedwa ndi siliva m'makoma amkati. Chotengeracho chikhoza kukhalanso mphete, mkanda kapena chinthu china chilichonse, bola chikhale ndi malo olembapo mkati. Mwini wake ayenera kuchikonza yekha. Mtengo wake ndiwo umaonetsa mtundu wa munthu amene tikukambayu. Malamulo a m'zaka za m'ma 1990 ankafuna ndalama zagolide 1,500 pa mlingo uliwonse, kutanthauza 27,000 kwa wamatsenga wa mlingo wa 18. A mu 2003 anakweza kufika pa 120,000. M'malamulo omwewo, waganyu wosaphunzira ntchito amalandira ndalama imodzi yasiliva patsiku, ndipo zasiliva 10 ndizo zimakwana yagolide imodzi. Mukawerengera, waganyu ameneyo angagwire ntchito zaka zoposa 3,000, osapuma ngakhale tsiku limodzi, osadyapo kanthu, kuti akwanitse mtengo wa kabokosi kamodzi. Chuma chotere munthu sachipeza polima. Chimachokera ku misonkho ya dziko lonse, ku manda ofukulidwa, ku mizinda yolandidwa. Mwambo usanayambe n'komwe, anthu ambiri amakhala atalipira kale.

Chikho

Chomaliza ndi mankhwala akumwa. Lakofka ndi amene anamutsatira analemba zosakaniza zake mwatsatanetsatane: poizoni wa arsenic, chitsamba chakupha cha belladonna, ululu wa akangaude a m'dziko la nthanolo, magazi a vampaya, ndi magazi a anthu ophedwa dala chifukwa cha mwambowu. Buku la mu 2014 linafupikitsa mndandandawo koma linasunga mtima wake: poizoni wosakaniza ndi magazi a cholengedwa choganiza, chimene mzimu wake umakhala chakudya choyamba cha kabokosi. Palibe njira yolambalala. Kuti wamatsengayo asafe, wina ayenera kufa m'malo mwake, ndipo wakufayo amalandidwa ngakhale mwayi wopita kumene mizimu imapita.

Malamulo akale ankati chikhocho chimwedwe mwezi uli wathunthu. Tayerekezani chipinda cha pamwamba pa nsanja, zitseko zonse zokhoma, antchito atathamangitsidwa kapena kuphedwa kuti pasakhale mboni. Nkhalamba yaika kabokosi patebulo. Yagwira chikho ndi manja awiri chifukwa limodzi silingachigwire osataya. Ikudziwa bwino lomwe zimene zili mkatimo, poti inasakaniza yokha. Ikumwa, poizoni akuotcha kukhosi, miyendo ikufooka, ikugwa pansi. Mtima ukuima. Imfa imeneyi ndi yeniyeni, si yonamizira. Kusiyana kwake n'kwakuti mzimu potuluka m'thupi sukupita kutali, ukukokedwera m'kabokosi kaja.

Kapena ayi. M'malamulo a m'zaka za m'ma 1990, pofika apa wosewera ankaponya madayisi kuti aone ngati thupi lipirire kusinthako. Munthu wa thanzi lapakatikati, lolembedwa 10 papepala lake, anali ndi mwayi wa 70 pa 100. Pa anthu 10 otere, atatu ankangoferatu, chuma chonse chija ndi magazi onse aja zitapita pachabe. Ndipo malamulo omwewo ankachotsera munthu thanzi akamakalamba. Wamatsenga akazengereza chifukwa cha mantha kapena chikumbumtima, mwayi wake unkachepa. Akafulumira, ankataya zaka za moyo weniweni zimene zinali zikadalipo. Sindikhulupirira kuti pali lamulo lina m'masewerawa limene limafotokoza bwino chonchi mmene mantha a imfa amamupanikizira munthu.

Zikayenda, mtembo umatsegula maso. Nzeru zonse zilipo, matsenga onse alipo, koma mpweya palibe, njala palibe, tulo palibe. Thupi limapitiriza kuwola pang'onopang'ono mpaka khungu kuuma n'kumamatira ku mafupa. Maso amasungunuka, m'malo mwake mumatsala timoto. Dzanja lake limazizira moti akakhudza munthu wamoyo, munthuyo amauma ziwalo. Poizoni samugwira, kutopa sakudziwa. Mukaphwanya thupilo, lina limaumbika pafupi ndi kabokosi pasanathe masiku 10. Ambiri amavalabe zovala zaulemu zimene ankavala ali moyo, zitasanduka nsanza, chifukwa saonanso kuti zatha.

Kabokosi kamafuna kudya

Owerenga ambiri amaganiza kuti nkhani imathera pa chikho. Malamulo a mu 2014 akuti pamenepo m'pamene yayambira. Kabokosi kamafuna mizimu ina nthawi ndi nthawi kuti matsenga osunga thupi ndi nzeru asazilale. Lich amagwiritsa ntchito tsenga lalikulu lotsekera munthu m'ndende, koma m'malo mwa ndende amamuponya m'kabokosi. Wotsekeredwayo ali ndi maola 24 okha. Anzake akafika nthawi isanakwane ndi tsenga lamphamvu lomasula, atha kumutulutsa. Akachedwa, mzimuwo umadyedwa wonse, ndipo palibe wansembe kapena wamatsenga amene angaubweze; ndi mulungu yekha angathe. M'masewera amene kuukitsa akufa n'chinthu chotheka kwa amene ali ndi ndalama, imfa yotereyi ndi yoopsa kuposa ina iliyonse.

Iyi ndi ngongole ya katapila: wobwereka amapereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, koma ngongole yeniyeniyo siichepa. Lich sanagonjetse imfa. Anangoisamutsira kwa anthu ena, ndipo ayenera kumaisamutsabe mpaka kalekale. Anthu a m'midzi yozungulira nsanja yake amangoona kuti m'busa wina sanabwerere, mlendo wina sanafike kumene amapita.

Lich akaiwala kudyetsa kabokosi, kapena akasiya dala, thupi limafumbutuka mpaka kutsala chibade chokha. Chotsalacho chimatchedwa demilich, ndipo wodziwika kwambiri ndi Acererak. Gygax anamukonzera manda ake kuti ayese osewera odzitama pamsonkhano woyamba wa Origins, msonkhano wa masewera, mu 1975, ndipo nkhaniyo inasindikizidwa mu 1978 pa dzina lakuti Tomb of Horrors. Mpaka lero amaitchula ngati imodzi mwa nkhani zopha osewera kwambiri. Makomo ena olowera ndi abodza. Pakhoma pali chinkhope chobiriwira cha chiwanda, kukamwa kuli yasa, ndipo amene walowetsamo thupi amatheratu osatsala ndi fupa. Mkatikati muli lich wonamizira, woikidwa kuti olowa aganize kuti apambana n'kubwerera. Amene wapirira zonsezi amafika m'chipinda chomaliza n'kupeza fumbi ndi chibade chokhala ndi miyala yamtengo wapatali m'maso ndi m'mano. Wina akachikhudza, chimadzuka m'mwamba, chimasankha wamphamvu kwambiri pagulupo, n'kumuyamwa mzimu kuulowetsa mu umodzi wa miyala ija. Manda onsewo ndi msampha wokopa anthu olimba mtima kuti adzipereke okha ngati chakudya. Mu 2017, m'nkhani ya Tomb of Annihilation, Acererak anabweranso ndi chipangizo chogwira mizimu ya anthu onse akufa padziko nthawi imodzi.

Nthano yakale kuposa madayisi

Ganizo lobisa moyo kunja kwa thupi silinayambe ndi Gygax. Ku Russia kuli nthano za Koschei wosafa, zimene Alexander Afanasyev anasonkhanitsa pamodzi ndi nthano zina pakati pa 1855 ndi 1863. Imfa ya Koschei ili pa singano, singanoyo ili m'dzira, dziralo lili m'bakha, bakhayo ali m'kalulu, kaluluyo ali m'bokosi, bokosilo lili pa mtengo wa thundu pachilumba chapakati pa nyanja. Mnyamata wofuna kupulumutsa mkazi amene Koschei anaba sangamuphe ndi lupanga. Chinsinsi chimatuluka pamene mkaziyo amunyengerera Koschei kuti aulule, ndipo nyama zimene mnyamatayo anazichitira chifundo panjira ndizo zimamugwirira kalulu ndi bakha. Kale kwambiri kuposa pamenepo, cha m'ma 1200 Yesu asanabadwe, Aiguputo analemba nkhani ya abale awiri pa gumbwa amene lero akusungidwa ku British Museum ku London. Bata anaika mtima wake pa duwa la mtengo. Mkazi wake ataulula, mtengowo unadulidwa ndipo Bata anagwa n'kufa, mpaka mkulu wake Anpu ataupeza mtimawo n'kuuviika m'madzi. James Frazer, m'buku lake la The Golden Bough limene linayamba kutuluka mu 1890, anasonkhanitsa nthano zotere kuchokera ku mayiko ambiri.

Njira imene ganizoli linadzera kuti lifike patebulo la Gygax ndi yaifupi. Iye mwini ananena kuti anatengera kwa Gardner Fox, mlembi wa ku America amene mu 1969 analemba za wankhondo Kothar ndi wamatsenga wakufa kalekale dzina lake Afgorkon. Fox asanalembe, Clark Ashton Smith ndi Robert E. Howard anali atadzaza kale magazini ya Weird Tales ndi amatsenga okana manda. Nthambi zina za mtengo womwewu owerenga ambiri amazidziwa: Sauron wa J. R. R. Tolkien, amene anathira mphamvu zake mu mphete, ndi Voldemort wa J. K. Rowling, amene amang'amba mzimu wake mwa kupha munthu n'kubisa zidutswazo m'zinthu zosiyanasiyana. Chimene masewera anawonjezera ndi mitengo, masiku ndi mwayi wolephera, zinthu zimene zimachititsa kuti munthu aone mwambowu ngati ntchito yokonzekera ndi mtima wozizira.

Lich wotchuka kuposa onse ndi Vecna, ndipo anatchuka asanaonekere n'komwe. M'kabuku ka Eldritch Wizardry ka mu 1976 munangotchulidwa dzanja lake ndi diso lake, zotsala pamene kazembe wake Kas anamupandukira. Zonsezi zimapatsa mphamvu zoopsa, koma wofuna kuzigwiritsa ntchito ayenera kudula dzanja lake kapena kukolowola diso lake n'kuikapo za Vecna. M'mabuku otsatira anakwera mpaka kukhala mulungu wa zinsinsi. Dzina lake linapangidwa posinthanitsa zilembo za dzina la mlembi Jack Vance, ndipo linafika m'makutu a anthu osadziwa dayisi mu 2022, pamene ana a m'sewero la pa Netflix la Stranger Things anapatsa dzinalo mdani wawo.

Koma amene amandikhudza kwambiri ndi Azalin, wa m'nkhani za Ravenloft za m'masewera omwewa, amene anaonekera koyamba mu 1986. Ali moyo ankatchedwa Firan Zal'honan, wolamulira dera la Knurl, munthu wokhulupirira kuti lamulo silikhotera aliyense. Mwana wake Irik anali wachifundo, ndipo anagwidwa akuthandiza anthu otsutsa bambo ake kuthawa. Lamulo linkati wotero aphedwe. Firan anagwira yekha lupanga n'kumudula mutu mwana wakeyo. Pambuyo pake chisoni chinamudya, ndipo anavomera mwambo wa kabokosi ali ndi chiyembekezo chakuti akakhala ndi zaka zopanda malire adzapeza tsenga lobwezera mwanayo. Nkhungu za Ravenloft zinamumeza, anatumikira kwa kanthawi vampaya Strahd von Zarovich, kenako anapatsidwa dziko lake lotchedwa Darkon, limene amalilamulira koma sangatulukemo. Temberero lake ndi ili: sangaphunzire tsenga latsopano ngakhale limodzi. Amawerenga, amamvetsa, koma sizikhazikika m'mutu. Munthu amene anapereka zonse kuti apeze nthawi yophunzirira ali ndi nthawi yosatha, ndipo nzeru zake zinaima pa tsiku limene analowa m'ufumuwo. Mzukwa wa mwana wake umakhala naye m'nyumba yachifumu. Amene analemba nkhaniyi anamvetsa chinthu chimene malamulo a manambala sangachinene: kuphunzira, kusintha maganizo ndi kulapa ndi ntchito za anthu amene masiku awo akutha.

Olemba ena anayesa kupanga ma lich abwino. M'dziko la Forgotten Realms, limene Ed Greenwood analiyambitsa, muli otchedwa baelnorn, akuluakulu a mtundu wa ma elf amene amavomera kusafa kuti azilondera mabanja awo ndi chuma cha makolo. Greenwood yemweyo mu 1986 anabweretsa zinjoka zochita mwambowu. Zinjokazo zilibe vuto kwa ine. Koma lich wabwino amafooketsa nkhani yonse, chifukwa akuuza wosewera kuti pali khomo lakumbuyo, kuti munthu angathe kupeza kusafa popanda wina kulira. Mphamvu ya chilombochi yagona pa mfundo yakuti khomo lotero kulibe.

Mantha a kunja kwa tebulo

Wowerenga wa kuno akamva za mwambo wofuna magazi a munthu kuti wina akhale wamphamvu, maganizo ake amathamangira ku nkhani za kukhwima ndi zizimba, ndipo angafunse ngati masewerawa sakuphunzitsa ufiti. Funsoli linafunsidwa kale ku America. Mu 1983 Patricia Pulling, mayi amene mwana wake anadzipha chaka chapitacho, anayambitsa bungwe lolimbana ndi masewerawa, ndipo anasumira kampani ya TSR imene inkawasindikiza. Khoti linataya mlanduwo. Mu 1985 Gygax anakadziteteza papulogalamu ya pa wailesi yakanema ya 60 Minutes. Kampaniyo inachita mantha moti m'malamulo a mu 1989 inachotsa mayina a ziwanda ndi adyerekezi, n'kudzawabwezera pambuyo pake ndi mayina ena opeka.

Yankho langa n'lakuti mwambo wa lich sungachitike, chifukwa theka la zosakaniza zake likuchokera ku zilombo zimene kulibe, ndipo m'masewera enieni lich ndi mdani amene osewera amagwirizana kuti amugwetse. Choopsa chenicheni chili kwina. Kwathu kuno, chikhulupiriro chakuti munthu angalemere kapena kukhwima ndi ziwalo za mnzake chaphetsa anthu achialubino, ndipo kunamizirana ufiti kwaphetsa agogo osalakwa, ngakhale kuti lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo. Patebulo la masewera aliyense akudziwa kuti kabokosi ndi kopeka, ndipo usiku ukatha amapinda mapepala n'kupita kwawo. Kumene anthu amaphedwa ndi kumene nthano yatengedwa ngati umboni.

Pali dandaulo lina limene osindikiza analimvera. Dzina lija lakuti phylactery m'Chingelezi limatchulanso timabokosi tachikopa tokhala ndi mawu a m'Malemba timene Ayuda amamanga pamkono ndi pamphumi popemphera, timene timatchulidwanso pa Mateyu 23:5. Kabokosi ka lich, ndi timizere take ta chikopa tolembedwa, kanafanana kwambiri ndi chinthu chopatulika cha anthu enieni, amenenso kwa zaka mazanamazana ananamiziridwa kuti amagwiritsa ntchito magazi a ena m'miyambo yawo. Kampani ya Paizo, imene imasindikiza masewera a Pathfinder, inalisiya dzinalo mu 2021, ndipo Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997, inalisiyanso mu Monster Manual ya mu 2025. Anachita bwino. Chilombocho sichinataye kanthu.

Kumugwetsa

Popeza lupanga silimaliza nkhani, osewera amakakamizika kusanduka ofufuza mbiri. Ayenera kudziwa kuti chimunthu cha mafupachi chinali ndani chisanafe, chinabadwira kuti, chinkakonda ndani, chinkanyadira chiyani, chifukwa kumeneko n'kumene kabokosi kangabisike. Amafukula makalata akale, amafunsa mizukwa ya antchito ake, amayenda kukafika kumudzi umene dzina lake linaiwalika. Wina angafunse chifukwa chake lich wanzeru sangoponya kabokosiko pansi pa nyanja yakuya. Malamulo anatseka njira imeneyo mochenjera: thupi latsopano limaumbika pambali pa kabokosi, choncho kumene kali n'kumene mwini wake adzadzukire, ndipo kuti akadyetse ayenera kukhala nako m'dziko limodzi. Sangakataye, sangakaiwale, sangakhulupirire wina aliyense kuti amusungire. Buku la mu 2014 limawonjeza kuti kabokosi kalikonse kali ndi njira yakeyake yokaswera, mwina mwambo wapadera, mwina chida chinachake, ndipo kuipeza njirayo ndi ulendo winanso.

Osewera ozolowera amayamba ndi kabokosi, thupi pambuyo. Akakaswa, amakumana ndi mdani amene kwa nthawi yoyamba m'zaka mazana angathe kufa, koma akadali ndi matsenga ake onse, kuphatikizapo liwu lija limene limapha pompopompo aliyense amene watsala ndi mapointi a moyo 100 kapena kucheperapo, popanda kuponya dayisi. Otsogolera ena amamuchititsa kumenya nkhondo yolusa, ena amamuthawitsa. Amene ndimawaona kuti anamumvetsa lich amamuchititsa kukambirana. Pofika pamenepa gulu la osewera lakwera milingo yambiri, ndipo pakati pawo pali wamatsenga amene wafika pa 17 kapena 18, amene amatha kuwerenga zolemba za m'nsanjamo n'kuzimva. Lich amatembenukira kwa ameneyo, amamutchula dzina, n'kumuuza kuti akamusiya wamoyo amuphunzitsa mwambo wonse, kuyambira pa siliva wa m'kabokosi mpaka pa muyezo wa chikho. Wotsogolera amasiya kulankhula, ndipo wosewerayo ayenera kuyankha anzake akumva.